M'manja, malikhweru ndi bata m'nyumba za opera

Pa 24 Febuluwale 1988, ku Deutsche Oper mumzinda wa Berlin, Luciano Pavarotti atamaliza kuimba opera ya Donizetti yotchedwa L'elisir d'amore, anthu anakana kupita kwawo. Anawomba m'manja kwa ola lathunthu ndi mphindi 7, ndipo iye anatuluka kuseri kwa katani kudzawaweramira maulendo 165. Zaka zisanu zisanakwane, pa 7 Disembala 1992, Pavarotti yemweyo anali ku La Scala mumzinda wa Milan, m'dziko lakwawo la Italy, akuimba Don Carlo ya Verdi. Atafika pa noti ina yapamwamba, mawu anamusweka. Anthu okhala pakhonde la pamwamba penipeni sanamumvere chisoni. Anamukuwiza ndi kumuimbira malikhweru.

Khosi linali lomwelo, luso lomwelo. Chinasintha ndi anthu amene anakhala mumdima moyang'anizana naye. Kodi anthu amenewa amayamikira chiyani akamawomba m'manja, ndipo ndani anawapatsa mphamvu yoweruza woimba? Mmene omvera amalandirira oimba opera ndi nyimbo za classical ndi nkhani yokhala ndi mbiri yake ndi mikangano yake, ndipo malamulo ena amene ambiri amaganiza kuti ndi akalekale ndi a dzulodzuloli. Ine ndimakhulupirira kuti omvera ndi mbali ya nyimbo yeniyeniyo, ndipo kuyamikira kwawo kumalemera pokhapokha ngati kwachokera m'makutu amene amvetseradi.

Tiyambe ndi ntchito ya woimbayo, chifukwa munthu sangamvetse mfuwu wa m'holo ngati sadziwa chimene chikuchitika pakhosi pa amene waima pasiteji. Woimba opera saimbira pa maikolofoni. Holo ya Metropolitan Opera ku New York imalowa anthu pafupifupi 3,800, ya La Scala pafupifupi 2,000. Pakati pa woimba ndi anthuwo pali dzenje limene mumakhala orchestra, nthawi zina ya anthu oposa 80, ena ali pa mavayolini, ena akuliza malipenga, ena akugunda ng'oma. Mawu a munthu mmodzi ayenera kudutsa phokoso lonselo mpaka akafike kwa amene wakhala pampando wakumapeto. Katswiri wa za mawu wa ku Sweden, Johan Sundberg, anafotokoza m'zaka za m'ma 1970 mmene zimathekera: woimba wophunzitsidwa bwino amatsitsa kholingo ndi kutsegula kukhosi mwa njira yoti mawu ake amakhala ndi mphamvu yapadera pa mlingo wa ma hertz pafupifupi 3,000, pomwe orchestra siimveka kwambiri. Mawu amadzera pampata umenewo, ndipo n'chifukwa chake amalira ngati belu ngakhale zoimbira zonse zitakweza.

Kuti munthu afike pamenepa zimatenga zaka zambiri, ndipo ngakhale afike, palibe usiku umene angagone tulo n'kunena kuti mawa zonse ziyenda. Kachimfine, kutopa ndi ulendo, kusagona bwino, zonsezi zimaonekera pa mawu. Omvera ozolowera amadziwa pamene pali phompho m'nyimbo iliyonse. Amadziwa kuti apa tena ayenera kukwera kufika pa C wapamwamba, apa sopulano ayenera kukoka noti yayitali motsitsa mawu osapumira pakati. Woimba akamayandikira malo amenewo, mitima ya anthu onse imakhala m'mwamba. Akadutsa bwino, mfuwu wa bravo umene umaphulika umakhala wa chimwemwe chosakanikirana ndi kupepukidwa mumtima, chifukwa anthu aona mnzawo akuika mbiri yake yonse pachiswe pamaso pawo, ndipo wapulumuka.

Komabe munthu amene akulowa koyamba m'holo ya nyimbo zoterezi amakhala ndi mantha amodzi: kuwomba m'manja pamalo olakwika. Symphony kawirikawiri imakhala ndi zigawo zinayi, concerto zitatu, ndipo pakati pa chigawo ndi chinzake oimba amapumira pang'ono. Mwambo wa lero umati omvera akhale chete mpaka chigawo chomaliza chithe. Mlendo akaiwala n'kuwomba m'manja pakati, anzake amamuyang'ana ndi diso loipa, ena amamutsonya kumene, ndipo iye amachita manyazi ngati wasokoneza mapemphero. Ambiri otere sabweranso.

Lamulo limeneli silinachokere kwa Mozart kapena Beethoven. M'zaka za m'ma 1700 nyumba za opera ku Italy zinali malo ochezera. Mabanja olemera ankakhala ndi timazipinda tawo m'mbali mwa holo, ankadya, kutchova makadi ndi kukamba za malonda, nyali zili zoyaka usiku wonse. Ankakhala chete woimba amene amamukonda akayamba aria yake, kenako n'kubwerera ku macheza. Mu Juni 1778 symphony yatsopano ya Mozart inaimbidwa koyamba ku Paris, ndipo iye analembera kalata bambo ake kuwafotokozera mmene zinayendera. Pakati pa chigawo choyamba anaikapo kachidutswa kamene ankadziwa kuti kasangalatsa anthu, ndipo kataimbidwa holo yonse inawomba m'manja nyimbo ili mkati. Popeza anali atawerengeratu zimenezi, anakabwerezanso kumapeto. Chigawo chomaliza anachiyamba mwakachetechete ndi mavayolini okha, anthu n'kumauzana kuti shii, kenako zoimbira zonse zinalowa mwamphamvu ndipo m'manja munaphulikanso. Mozart anakondwa kwambiri moti atatuluka anapita ku Palais Royal kukadya ayisikilimu, n'kukapemphera korona imene analonjeza. Apa tikuona wopeka nyimbo akulemba ali ndi manja a omvera m'maganizo, akuwatchera pomwe adzasekerere ndi pomwe adzadzidzimuke.

Pa 7 Meyi 1824, ku Vienna, symphony ya nambala 9 ya Beethoven itaimbidwa koyamba, mwini wakeyo anali atagontha kale. Anaima kutsogolo moyang'ana oimba, osamva kuti kumbuyo kwake anthu akuchita phokoso lachisangalalo, mpaka mmodzi wa oimba, mtsikana wotchedwa Caroline Unger, anamutembenuza kuti aone. Anthu anakweza zipewa ndi mipango m'mwamba kuti kuyamikira kumene makutu ake sakanamva kufike kudzera m'maso.

Koma paliponse pamene m'manja muli ndi mtengo, pamabwera ogulitsa. Olemba mbiri ya Roma amanena kuti mfumu Nero inali ndi anyamata masauzande ophunzitsidwa kuiwombera m'manja ikamaimba. Ku Paris, kuyambira cha m'ma 1820, ntchitoyi inasanduka bizinesi yodziwika, ndipo gulu lake linkatchedwa claque. Mtsogoleri wake wotchuka ku Opéra m'zaka za m'ma 1830, Auguste Levasseur, ankapita kukaonerera oimba akamayeserera, n'kugwirizana ndi akuluakulu a holo za malo oyenera kuwomba m'manja. Anthu ake ankawamwaza m'holo, aliyense ndi ntchito yake: ena oseka pa nthabwala, amayi ena olira pamalo achisoni, ena ofuula kuti nyimbo ibwerezedwe. Kwathu kuno omvera ndi amene amafupa woimba, kumuponyera ndalama akawafika pamtima; ku Paris zinatembenuka, woimba ndiye ankafupa omvera. Akakana kulipira, anthu omwewo ankamukuwiza. Chinali chiphuphu chenicheni, ndipo chinaipitsa chinthu chimene chimayenera kukhala chaulere.

Anthu amene anabweretsa bata m'maholo ankalimbana ndi zinthu ngati zimenezi, choncho tisawaone ngati odzikuza chabe. Mendelssohn analumikiza zigawo za concerto yake ya vayolini kuti pasakhale mpata wosokoneza. Richard Wagner, atamanga nyumba yakeyake ku Bayreuth imene inatsegulidwa mu 1876, anabisa orchestra pansi ndi kuchepetsa nyali za mbali ya omvera kuti maso onse akhale pasiteji. Mu 1882, poonetsa koyamba Parsifal, anapempha kuti oimba asaitanidwe kudzawerama pakati pa sewero kuti zisasokoneze mzimu wa nkhaniyo. Anthu anamva ngati waletsa kuwomba m'manja konse, ndipo anakhala chete mpaka Wagner mwini anada nkhawa kuti mwina sanaikonde. Usiku wina iye anafuula bravo poyamikira oimba ake, omvera osadziwa kuti ndi iyeyo anamuletsa. Gustav Mahler, amene anatsogolera opera ya ku Vienna kuyambira 1897 mpaka 1907, anatsekera kunja obwera mochedwa ndipo anauza oimba kuti alonjeze kusiya kulipira claque. Ku La Scala, Arturo Toscanini anazimitsa nyali ndi kuletsa kubwereza nyimbo. Mu 1903 omvera ataumirira kuti tena abwereze aria ina mu Un ballo in maschera, iye anatula ndodo yake n'kuchoka. Kenako kunabwera wailesi ndi malekodi, anthu n'kuzolowera kumva nyimbo yonse popanda phokoso lina, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 kukhala chete pakati pa zigawo kunali kutasanduka lamulo.

Bata limeneli linabweretsa phindu lenileni, ndipo amene amalinyoza sanalilawe. Pali nyimbo zimene sizingamveke m'holo yaphokoso. Symphony ya nambala 9 ya Mahler imatha ndi mavayolini akulira motsitsa kwambiri, akuzimirira pang'onopang'ono mpaka munthu osadziwa pomwe mawu athera. Claudio Abbado ataitsogolera ku Lucerne mu 2010, noti yomaliza itatha anthu anakhala osagwedezeka kwa mphindi pafupifupi ziwiri asanawombe m'manja. Kukhala chete kumeneko kunali kuyamikira kozama kuposa mfuwu uliwonse, ndipo kunatheka chifukwa aliyense m'holomo anadziletsa chifukwa cha anzake. Yerekezani ndi zimene zinachitika ku New York mu Januwale 2012, pa nyimbo yomweyo, chigawo chomwecho: foni ya munthu wina wa mizere yakutsogolo inayamba kulira osaleka, mpaka wotsogolera Alan Gilbert anaimitsa New York Philharmonic yonse. Munthu amene amafuula bravo noti yomaliza isanazilale, pofuna kuonetsa kuti akudziwa pomwe nyimbo ithera, amawononga chinthu chomwecho chimene foni ija inawononga.

Vuto limayamba bata likasanduka lamulo losayang'ana nyimbo. Chigawo choyamba cha concerto yoyamba ya piyano ya Tchaikovsky chimatha ndi mkokomo wochita kuitana manja. Woimba piyano wamenya zala kwa mphindi pafupifupi 20, thukuta lili kamukamu, ndipo chimene amalandira ndi kutsokomola ndi kusuntha kwa mipando. Pamenepo chete alibe ulemu uliwonse, ndi mantha basi. Emanuel Ax, mmodzi wa oimba piyano olemekezeka ku America, wakhala akunena poyera kuti amakondwa anthu akawomba m'manja pamalo otere. Pali malo ena ovuta kuweruza. Chigawo chachitatu cha symphony yomaliza ya Tchaikovsky, ya 1893, ndi cha mgubo wachigonjetso ndipo chimatha ngati nyimbo yonse yatha, koma pambuyo pake pamabwera chigawo cha maliro. Otsogolera ena amakweza dzanja kuletsa anthu, ena amawalola. Ine ndili mbali ya owalola, chifukwa chisangalalo chikatuluka m'manja mwa anthu kenako n'kugwetsedwa ndi kulira kwa mavayolini, omvera amamva m'thupi mwawo chimene wopekayo ankanena. Mu opera nkhaniyi ndi yosavuta: za Rossini, Donizetti ndi zambiri za Verdi zili ndi malo opumira pambuyo pa aria, ndipo anthu amawomba m'manja pamenepo mpaka lero, pomwe za Wagner zimayenda osadukiza ndipo anthu amadikira katani.

Tsopano tikwere kukhonde lija la pamwamba. Ku La Scala amalitcha loggione, ndipo ndi kumene kuli malo otchipa. Amene amakhala kumeneko si alendo odzajambulitsa zithunzi. Ambiri ndi anthu wamba amene amaima pamzere maola ambiri kudikira tikiti, amabwera usiku ndi usiku, ndipo amadziwa opera iliyonse pamtima. Ku Teatro Regio mumzinda wa Parma, dera lakwawo kwa Verdi, kulinso gulu lotere loopedwa ndi oimba. Iwo amadziona ngati alonda a mwambo, ndipo pali choona pamenepo: woimba akadumpha malo ovuta kapena akaimba mwaulesi podalira dzina lake, anthu a mipando yodula sangazindikire, koma a pamwambawo amamva. Holo yopanda anthu otere imalandira chilichonse, ndipo luso limatsika popanda wodandaula.

Koma mbiri imasonyezanso kuti mkuwe wa omvera umaphonya kawirikawiri. Pa 20 Febuluwale 1816, Il barbiere di Siviglia ya Rossini inakuwizidwa ku Rome, makamaka ndi otsatira a Paisiello amene anali atapeka kale opera pa nkhani yomweyo. Lero ndi imodzi mwa ma opera oimbidwa kwambiri padziko lonse. Pa 17 Febuluwale 1904, Madama Butterfly ya Puccini inalandiridwa ku La Scala ndi kuseka, kukuwa ndi kulira ngati nyama. Puccini anaichotsa usiku womwewo, anaikonza, ndipo pa 28 Meyi chaka chomwecho ku Brescia anthu anaikonda kwambiri. Pa 29 Meyi 1913 ku Paris, phokoso la omvera pa Le Sacre du printemps ya Stravinsky linakula moti ovina sankamva orchestra.

Wopeka nyimbo amatha kukonza n'kubweranso. Woimba amalandira chilango chake pomwepo, pamaso pa anthu. Pa 2 Januwale 1958 Maria Callas anayamba kuimba Norma ku Rome akudwala pakhosi, pulezidenti wa Italy Giovanni Gronchi ali m'holo. Atamaliza gawo loyamba sanathe kupitiriza, ndipo panalibe womulowa m'malo. Anthu ndi manyuzipepala anamunyoza ngati wachita mwano kwa dziko lonse. Chodabwitsa n'chakuti Callas yemweyo atachoka, okonda ake anamusandutsa chikwapu chokwapulira ena. Mu 1964 Mirella Freni anakuwizidwa ku La Scala poimba La traviata, gawo limene anthu ankaliona ngati la Callas yekha, ndipo holoyo sinayesenso opera imeneyi mpaka 1990. Kwa zaka 26 anthu a ku Milan sanamve La traviata m'nyumba yawo yaikulu chifukwa cha ukali wa anthu omwe ankati amaikonda. Mu Disembala 2006 Roberto Alagna anakuwizidwa ku La Scala komweko atangomaliza aria yoyamba mu Aida, ndipo anatuluka pasiteji nyimbo ili mkati. Womudikirira, Antonello Palombi, anathamangira pasiteji atavala jinzi ndi malaya akuda n'kupitiriza gawo la mkulu wa asilikali a Iguputo wakale. Cecilia Bartoli nayenso anakumana nazo mu 2012.

Pamenepa maganizo anga ndi olimba. Kukuwiza munthu chifukwa cha noti imodzi yosweka ndi nkhanza, ndipo sikusonyeza kudziwa nyimbo. Wodziwadi amamva usiku wonse: mmene woimba waumbira mawu, mmene wapumira, ngati watipangitsa kukhulupirira chisoni cha munthu amene akumuyerekeza. Kuonjezera apo, omvera a lero amafika m'holo makutu atadzaza ndi malekodi ojambulidwa mu situdiyo, kumene malo olakwika amabwerezedwa mpaka akhale bwino, ndiye amayeza munthu wamoyo ndi muyeso umene ngakhale mwini lekodiyo sakanaukwanitsa usiku uliwonse. Omvera osakhutira ali nayo njira yolankhulira popanda kuchititsa munthu manyazi. M'manja mozizira, mwaulemu chabe, woimba aliyense amamva tanthauzo lake. Mkuwe ndingauvomereze pamene pali kunyozera omvera kooneka, osati pamene thupi la munthu lalephera.

Mbali ina ya vuto lomweli ndi kuyamikira kopanda muyeso. M'maholo ambiri, makamaka ku America, kuimirira powomba m'manja kwasanduka chizolowezi cha usiku uliwonse, zikhale bwino kapena ayi. Zikatere woimba amene wachitadi zodabwitsa alibenso chomusiyanitsa ndi amene wangokwaniritsa ntchito. Plácido Domingo atalandira m'manja kwa mphindi 80 ku Vienna mu 1991, ataimba Otello, zinali nkhani chifukwa sizichitika wamba.

Kubwereza nyimbo ndi mphatso ina imene imakoma chifukwa chosowa. Mu Febuluwale 2007, tena wa ku Peru Juan Diego Flórez anaimba ku La Scala aria ya mu La fille du régiment imene ili ndi ma C apamwamba 9. Anthu sanaleke kuwomba m'manja mpaka anaibwereza, chinthu chimene woimba payekha anali asanachite m'holoyo kuyambira 1933. Chaka chotsatira anachitanso chimodzimodzi ku New York. Koma kubwereza kumene kumandikhudza kwambiri ndi kwa mu Malichi 2011 ku Rome, pamene Italy inkakumbukira zaka 150 za umodzi wake. Kwaya itamaliza nyimbo ya akapolo achiheberi mu Nabucco ya Verdi, anthu anapempha kuti ibwerezedwe. Riccardo Muti, amene amadziwika kuti sakonda kubwereza, anatembenukira kwa anthu, nalankhula za kudandaula kwake ndi mmene boma linkadulira ndalama za chikhalidwe, kenako anavomera, koma anapempha kuti holo yonse iimbe nawo. Anthu anaimirira n'kuimba, ena mwa oimba a kwaya akupukuta misozi. Usiku umenewo malire a pakati pa siteji ndi mipando anachoka.

Pali amene amanyoza omvera atsopano amene anabwera kudzera pa wailesi yakanema. Pa 7 Julayi 1990, madzulo a tsiku loti mawa lake kuseweredwe ndime yomaliza ya mpikisano wa mpira wa dziko lonse, Pavarotti, Domingo ndi José Carreras anaimba limodzi pa mabwinja a Caracalla ku Rome, motsogoleredwa ndi Zubin Mehta, ndipo anthu mamiliyoni ambiri anaonera. Akatswiri ena anati zimenezo n'zamalonda, opera yodulidwa zidutswa ndi kuimbidwa pa maikolofoni. Zoona, si opera yathunthu. Koma anthu ambiri amene lero amagula matikiti anayambira pamenepo, ndipo khomo lolowera silifunika kukhala lopapatiza. Ku London makonsati a Proms, amene anayamba mu 1895, amasungabe malo otchipa oimirira pakati penipeni pa Royal Albert Hall, ndipo oimba ambiri amachitira umboni kuti anthu oimirirawo amamvetsera mwatcheru kwambiri. Ku Vienna nakonso nyumba ya opera ili ndi malo oimirira mazana angapo. Nthawi ya mliri wa Covid inaonetsa mmene zinthu zimakhalira anthuwa akasowa: pa 1 Januwale 2021 Muti anatsogolera konsati ya chaka chatsopano ya Vienna Philharmonic m'holo yopanda munthu, ndipo Radetzky March, imene chaka chilichonse omvera amaiwombera m'manja motsatira kugunda kwake, inaimbidwa yokhayokha. Manoti onse analipo, koma aliyense woonera anamva kuti pakusowa chida chimodzi.

Funso la amene amaloledwa kuimba ndi kumvera silingasiyidwe, chifukwa nthawi zina m'manja mwa omvera munagamula milandu imene akuluakulu ankaizemba. Mu 1939 Marian Anderson anakanizidwa kuimba mu Constitution Hall ku Washington chifukwa anali wakuda. Pa 9 Epulo chaka chomwecho anaimba panja, pa masitepe a Lincoln Memorial, pamaso pa anthu pafupifupi 75,000. Metropolitan Opera inamutsegulira khomo mu Januwale 1955, mawu ake atayamba kale kukalamba. Mu Januwale 1961 Leontyne Price ataimba koyamba m'holo yomweyo mu Il trovatore, anthu anamuwombera m'manja kwa nthawi yoposa theka la ola. Chaka chomwecho Wieland Wagner, mdzukulu wa Richard Wagner, anasankha Grace Bumbry, wa zaka 24, kuti aimbe Venus mu Tannhäuser ku Bayreuth. Makalata otsutsa anabwera ambiri sewero lisanayambe, koma usiku woyamba anthu anawomba m'manja kwa mphindi 30 ndipo katani inatsegulidwa maulendo 42.

Ku South Africa nkhaniyi ili pafupi nafe. Gulu la Eoan ku Cape Town linaimba La traviata mu Chitaliyana mu 1956, oimba ake ali anthu amene malamulo a tsankho ankawaika pambali, ambiri a iwo ogwira ntchito zina masana. Nyumba ya opera ya Nico Malan itatsegulidwa mumzindawo mu 1971 inali ya azungu okha, mpaka 1975. Lero ndi Artscape. Koma kuimba kwa makwaya m'matchalitchi ndi m'masukulu a anthu akuda sikunaleke, ndipo kumeneko n'kumene kwatuluka mbadwo umene ukuimba m'maholo akuluakulu lero. Pretty Yende, wobadwira ku Piet Retief mu 1985, anamva opera koyamba ali ndi zaka 16 pa kanema wotsatsa malonda a British Airways, mmene munali nyimbo ya amayi awiri ya mu Lakmé ya Delibes. Anaphunzira ku Cape Town, kenako kusukulu ya La Scala, ndipo anapambana mpikisano wa Operalia mu 2011. Mu Januwale 2013 anaitanidwa mwadzidzidzi ku Metropolitan Opera kukalowa m'malo mwa woimba wina mu Le comte Ory ya Rossini. Polowa pasiteji usiku woyamba anapunthwa pa masitepe n'kugwa asanaimbe noti ngakhale imodzi. Anadzuka, anaimba, ndipo pamapeto anthu a ku New York anamulandira ndi manja awiri. Omvera amenewo anachita bwino ntchito yawo: anaiwala kugwa kuja n'kuweruza zimene anamva. Pa 6 Meyi 2023 Yende anaimba mu Westminster Abbey pa mwambo wolonga ufumu Charles III.

Sali yekha. Pumeza Matshikiza waimba m'maholo ambiri a ku Ulaya, Levy Sekgapane anapambana Operalia mu 2017, ndipo Masabane Cecilia Rangwanasha anatenga mphoto ya nyimbo pa mpikisano wa BBC ku Cardiff mu 2021. Mipikisano ya makwaya a masukulu ku South Africa ili ndi magawo a aria za opera, ndipo omvera ake sadikira chilolezo: mtsikana akakwera bwino pa noti yovuta, mfuwu ndi nthungululu zimamveka nyimbo ili mkati. Makwaya athu a m'matchalitchi ku Malawi ndi ku Zambia, amene amaphunzira Hallelujah ya mu Messiah ya Handel pogwiritsa ntchito solofa, sopulano, aluto, tena ndi besi aliyense pamzere wake, amadziwa mtundu womwewu wa omvera. Ambiri okhala pamabenchi anaimbapo nyimboyo, amadziwa pomwe besi amalowa ndi pomwe sopulano amavutika, ndipo akalulutira amakhala akudziwa chimene akululutira. Pa mfundo imeneyi amafanana ndi anthu a loggione ku Milan kuposa mmene mbali zonse ziwiri zingaganizire, kusiyana kwake n'kwakuti woimba wachinyamata akaphonya noti pamaso pawo, kawirikawiri amamulimbikitsa kuti amalize.